Kwa Inu Amene Mwayamba Kusamalira Zinthu za Makolo

Ana anga, mbiri yandipeza kuti ena mwa inu mwayamba ntchito m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ena muli ku Zomba mukusanthula mapepala a ku National Archives, ndipo ena mukungothandiza mwaulere pa mishoni kapena kwa mfumu kumene kuli kachipinda kosungiramo zinthu za makolo. Ndakondwa kwambiri. Ntchito imeneyi ndakalamba nayo, ndipo ndikudziwa kuti kumudzi saimvetsa. Mukawauza azakhali anu kuti mumasamalira mapale a mbiya ndi madengu othetheka, adzakuyang'anitsitsani n'kufunsa kuti, "Sukulu yonse ija mathero ake ndi amenewa?" Musachite manyazi. Senderani kuno, pajatu wakutsina khutu ndi mnansi.

Ntchito yathu imagwiridwa kuseri, chitseko chili chotseka, nthawi zambiri muli nokhanokha ndi chinthu chimene mwini wake adatsikira kulichete kalekale. Mbiya siilira. Mukaipala mopyola muyeso siidzakunenezani kwa munthu, ndipo chimene mwawononga mwina chidzaoneka inu mutapuma kale pantchito. N'chifukwa chake munthu wa ntchito imeneyi amafunika alonda awiri. Wina ndi chikumbumtima chake. Wina ndi anzake a ntchito yomweyi, amene angamuuze mosapsatira mawu kuti, "Apa mwalakwitsa." Ndaona anthu a luso lodabwitsa akuwononga zinthu chifukwa adalibe mlonda wachiwiriyu.

Yesero limene lidzayambe kukupezani ndi lofuna kuti chinthu chioneke chatsopano. Tonsefe tidaleredwa tikuuzidwa kuti mphika wabwino ndi wokwechedwa, ndiye dzanja limangothamangira ku mchenga ndi sopo. Koma mphika ukalowa m'manja mwathu, mwaye umene uli kunsi kwake ndi umboni woti udakhalapo pamafuwa. Zotsalira zimene zidalowerera m'dothi lake akatswiri angazipime n'kudziwa ngati munkaphikidwa nyama, nsomba kapena mkaka. Mpini wa khasu umene udasalala malo amodzi ukutionetsa pamene dzanja la mlimi linkagwira chaka ndi chaka. Mukaupala ndi sandipepa n'kuupaka vanishi, mwamufafaniza mlimi ameneyo. Udzawala ndithu, alendo adzauyamikira, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Musaganize kuti cholakwa chimenechi n'cha anthu osaphunzira okha. Mu 1937 ndi 1938, ku British Museum mumzinda wa London, ziboliboli zamwala zochokera ku kachisi wa Parthenon ku Athens zidapalidwa ndi zipangizo zamkuwa komanso mwala wonolera kuti ziyere mbee. Lord Duveen, mpondamatiki amene ankalipira ntchito yomanga chipinda choonetseramo ziboliboli zimenezi, ankafuna zoyera. Pamwamba pa mwalawo, pamene padapirira zaka zoposa 2,000, padachoka m'malo ena, ndipo palibe mmisiri amene angabwezeretsepo. Inunso tsiku lina bwana kapena wopereka thandizo adzakuuzani kuti, "Lachisanu kukubwera alendo olemekezeka, tapukutani izi ziwale." Muyankhe mwaulemu, mufotokoze chimene chingawonongeke, ndipo yankho lanulo mulilembe. Mnyamata mmodzi kukana yekha n'kovuta, ndikudziwa. Koma akatha kunena kuti, "Malamulo a ntchito yathu salola, ndipo anzanga onse anganene chimodzimodzi," mawu ake amalemera.

Malamulo amenewo alipo. Bungwe la nyumba zosungiramo zinthu zakale padziko lonse, la ICOM, limene lidakhazikitsidwa mu 1946, lidavomereza malamulo a khalidwe mumzinda wa Buenos Aires mu 1986 ndipo lidawakonzanso ku Seoul mu 2004. Pa nkhani yokonza zinthu mfundo yake ndi yosavuta kumva: chilichonse mwachita pa chinthu muchilembe, chikhale choti wina angathe kudzachichotsa, ndipo pamene mwakonza pazidziwika kuti apa ndi pokonza. Ganizirani bwino mfundo yachiwiriyo. Ikutanthauza kuti inu si omaliza kugwira chinthucho. Kumbuyo kwanu kukubwera wina wodziwa zambiri kuposa inu, wokhala ndi zipangizo zimene simunazilotepo, ndipo muyenera kumusiyira khomo. N'chifukwa chake polumikiza mapale timagwiritsa ntchito zomatira ngati Paraloid B-72, imene imasungunukanso ndi acetone, ndipo supaguluu wa pagolosale timamusiya komweko. Ngakhale nambala ya chinthu sitiilemba pa thupi lake mwachindunji. Timayamba tapaka kamzere ka Paraloid pamalo obisika, kakauma timalembapo nambala ndi inki, kenako timaphimbanso ndi kamzere kena. Selotepi pa kalata yakale ndiye musayerekeze n'komwe, chifukwa pakapita zaka imasiya banga lachikasu lolowerera m'pepala.

Pali nkhani ina imene ndikufuna muimve bwinobwino, inu ndi akuluakulu anu omwe. Mu August 2014, ku Egyptian Museum mumzinda wa Cairo, ndevu za chigoba chagolide cha mfumu Tutankhamun zidathothoka pamene antchito ankagwira ntchito pa bokosi loonetseramo. Chigobachi chakhala zaka zoposa 3,000. Anthuwo adagwidwa ndi mantha, n'kuthamangira guluu wolimba wa epoxy, n'kumata ndevuzo mwachangu. Guluuyo adatayikira, ndipo pofuna kumupala adasiya zikande pa golide. Nkhaniyi idaululika mu January 2015, dziko lonse n'kumva. Padatengera gulu la akatswiri a ku Germany ndi ku Egypt, lotsogozedwa ndi Christian Eckmann, milungu yambiri kuti achotse epoxy uja pang'onopang'ono, ndipo pomaliza adamata ndevuzo ndi phula la njuchi, limene lingachotsedwe mosavuta. Chigobacho chidabwerera pamalo pake mu December 2015.

Kuthothoka kwa ndevu inali ngozi, ndipo ngozi zimagwera aliyense wogwira zinthu ndi manja. Chimene chidakulitsa vuto ndi kubisa. Tsono ana anga, chinthu chikakupulumukani m'manja, imani pomwepo. Musasese. Jambulani chithunzi zidutswa zili pomwe zagwera, tolani kachidutswa kalikonse ngakhale kochepetsetsa, muike m'kabokosi, ndipo mukanene tsiku lomwelo. Manyazi a tsiku limodzi amatha. Ndipo inu amene muli ndi maudindo, mawu awa ndi anu: ngati wantchito wanu amanjenjemera kubwera kudzakuuzani kuti china chasweka, dziwani kuti m'nyumba mwanu muli kale zinthu zomatidwa mobisa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwana akabwera ndi zidutswa m'manja, yambani mwamuthokoza kuti wanena, zina mukambe pambuyo.

Ngakhale akatswiri enieni adasokerapo onse pamodzi. M'zaka za m'ma 1960 kudatchuka mankhwala ena otchedwa soluble nylon, amene ankapakidwa pa zojambula, pa miyala ndi pa zinthu zina zofumbutuka kuti zilimbe. Aliyense ankakhulupirira kuti angadzachotsedwe. Patapita zaka adapezeka kuti sasungunukanso, amakoka fumbi, ndipo amada. Tidazidziwa bwanji? Chifukwa amene adaona vutolo adalemba, n'kuuza anzawo poyera, ndipo amene adapaka anali atasiya zolemba zosonyeza zinthu zimene adapakazo. Akadakhala chete aliyense m'chipinda chake, bwenzi mpaka lero tikupakabe.

Kulemba kumatopetsa, sindikana. Palibe amene amaombera m'manja munthu wodzaza kaundula. Koma chinthu chopanda mbiri yake chimakhala chaferatu ngakhale thupi lake lili lamphumphu. Nthungo imene sitidziwa kuti idachokera mudzi uti, adaisula ndani, adaipereka ndani, yangotsala chitsulo chadzimbiri. Lembani m'mene chinthu chinalili musanachigwire, jambulani, lembani zimene mwachita ndi mankhwala amene mwagwiritsa ntchito, tsiku ndi dzina lanu. Kaundula ndiyenso mlonda woteteza ku umbava. Mu 2023 British Museum yomwe ija idalengeza kuti zinthu pafupifupi 2,000 zidasowa, kubedwa kapena kuwonongedwa, ndipo zambiri mwa izo zinali zosalembedwa mokwanira. Munthu wina wogulitsa zinthu zakale anali atawachenjeza kale mu 2021 koma sadamumvere, ndipo mkulu wa nyumbayo adatula pansi udindo. Ngati zidachitika kumeneko, kumene kuli ndalama ndi makamera, nanga kwathu kuno? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiwonjezepo kuti m'nyumba zathu zambiri muli bambo kapena mayi wachikulire amene mbiri ya shelefu iliyonse ili m'mutu mwake. Khalani naye pansi ndi kope asanapume pantchito.

Dziwaninso pamene nzeru zanu zalekezera. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mu 2012, m'tauni ya Borja ku Spain, mayi wina wa zaka zoposa 80 adaona chithunzi cha Yesu chojambulidwa pakhoma la tchalitchi chake chikusupuka chifukwa cha chinyezi. Adatenga penti n'kuyamba kuchikonza yekha, ndipo nkhopeyo idasinthiratu mpaka dziko lonse lidaseka pa intaneti. Ine sindidaseke. Mayiyo ankakonda tchalitchi chake, ndipo adachita zimene chikondi chopanda mlangizi chimachita. Funso langa n'lakuti, pamene chithunzicho chinkasupuka zaka zonsezo, odziwa ntchito anali kuti? M'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'mabwalo a mafumu athu muli anthu ambiri onga mayi ameneyu, okhala ndi mabuku a ubatizo odyedwa ndi chiswe ndi zithunzi zochita chuku. Ngati sadziwa kuti inu mulipo, ndiponso kuti angakufunseni popanda kunyozedwa, adzatenga penti ndi guluu.

Inunso funsani. Tsiku lina m'mawa mudzapeza pansi pa lichero kapena chosema kamulu ka fumbi losalala ngati ufa wosefa, ndi timabowo ting'onoting'ono tatsopano pamwamba pake. Chinthucho chafumbwa, ndipo tizilombo tili m'kati tikudya. Musathamangire mankhwala opopera. Chichotseni pakati pa zinzake, chikulungeni m'pulasitiki n'kumata bwino, muchiike mufiriji yofika madigiri 20 pansi pa ziro kwa mlungu wathunthu kapena kuposerapo, magetsi akalola. Pochitulutsa musatsegule pulasitikiyo mpaka chitafundanso chokha, kuti madzi aundane kunja kwa pulasitikiyo osati pa chinthucho. Njira imeneyi ndi yabwino, koma si ya chilichonse. Ng'oma yokungidwa ndi chikopa cholimba, kapena chinthu chophatikiza mtengo, chitsulo ndi penti, ingachite ming'alu. Pamenepo ndiye poimbira foni mnzanu amene adakumanapo nazo. Safunsa adadya phula. Ndipo kumbukirani kuti ntchito yaikulu ndi yoletsa vuto lisanafike: kusesa, kuyendera mashelefu, kutseka denga lodontha dzinja lisanayambe, kukweza mabokosi kuti asakhale pansi, kuteteza nsalu ndi chiwondo ku dzuwa. Munthu wosesa m'chipinda chosungiramo zinthu ndiye amayamba kuona mphemvu ndi njira za chiswe. Muzimuyesa mnzanu wa ntchito, mumuphunzitse, ndipo akalankhula muzimumvera.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ili pamtima panga kwambiri. Zinthu zambiri zimene timasunga kuno kwathu eni ake ali moyo. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, akuvinidwabe ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Chigoba cha gule chili ndi miyambo yake: amene angachigwire, amene angachione, ndi mawu amene anganenedwe za icho poyera. Pali zilombo zina zimene zimapangidwa kuti zikatha ntchito yake ziotchedwe, ndipo sindinena zambiri, eni dambwe akudziwa. Tsono inu mukabwera ndi maphunziro anu n'kunena kuti chinthu chilichonse chiyenera kukhala mpaka kalekale, mwina mukulimbana ndi cholinga chenicheni cha amene adachipanga. Akatswiri a padziko lonse adavomereza okha ku Nara, m'dziko la Japan, mu 1994, kuti phindu ndi uchenicheni wa chinthu ziyenera kuweruzidwa molingana ndi chikhalidwe chimene chidachibala. Ife tikadayenera kukhala oyamba kuzidziwa zimenezi. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a chikhalidwe a Kungoni mu 1976, nyumba yosungiramo zinthu ya Chamare ili ndi zigoba zoposa 400, ndipo zimenezi zidatheka chifukwa adakhala pakati pa anthu zaka zambiri, akuphunzira chinenero ndi mwambo kwa eni ake. Musanatsuke, musanasoke, musanajambule n'kuika pa Facebook, pitani kwa mfumu, kwa anamkungwi, kwa akuluakulu a mwambo, mukagwade n'kufunsa.

Ku Chongoni, m'dera la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene adalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zina ndi zofiira, za Akafula, zina ndi zoyera, za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule. Mdani wa zojambulazi ndi munthu wolemba dzina lake ndi makala, wosonkha moto m'phanga, kapena wothira madzi pamwala kuti chithunzi chake chituluke bwino. Inu simungakhale pa Chentcherere, pa Namzeze ndi pa Mphunzi usana ndi usiku. Amene angateteze malowo ndi anthu a midzi yozungulira, ngati akuona kuti mumawalemekeza ngati eni ake.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Kale m'nyumba zambiri zosungiramo zinthu ankathira poizoni monga arsenic, mercury ndi DDT pa nthenga, zikopa ndi zigoba kuti tizilombo tisadye. Ku America, lamulo la 1990 litalola kuti mitundu ya eni dziko itengenso zinthu zawo zopatulika, anthu a mtundu wa Hopi adapeza kuti zina mwa zimene zidabwezedwa zinali ndi poizoni, chonsecho ndi zinthu zovala pamwambo. Choncho valani magolovesi, musadyere m'chipinda chosungiramo zinthu, ndipo chinthu chikamabwerera kwa eni ake muwauze zoona zonse za zimene chidapakidwa. Kubisa pamenepo n'kupha munthu.

Za ndalama ndinena mwachidule, chifukwa mukuzidziwa kale mumtima mwanu. Malipiro a ntchito yathu ndi ochepa, ndipo adzabwera munthu wovala bwino kudzakupemphani kuti mumutsukire chosema, mumuuze mtengo wake, kapena mumulembere kalata yoti n'chenicheni. Mufunseni kumene adachitenga. Akayamba kuzungulirazungulira, mutsanzikeni. Pangano la UNESCO la 1970 limaletsa malonda ozembetsa chuma cha chikhalidwe, ndipo kuno kwathu lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale. Inuyo musakhale ndi kankhokwe kanu ka zinthu zofanana ndi zimene mumasunga kuntchito, ngakhale mutazigula ndi ndalama zanu, chifukwa tsiku limene china chidzasowe palibe amene adzakukhulupirireni.

Zonsezi munthu mmodzi sangazisenze. Mutu umodzi susenza denga, ndipo anzathu akunja adazindikira msanga. Mu 1950 adakhazikitsa bungwe la IIC ku London kuti osamalira zinthu zakale azigawana nzeru, ndipo bungwe lina la ntchito yomweyi, la ICCROM, lidatsegulidwa ku Rome mu 1959. Pa 4 November 1966 mtsinje wa Arno udasefukira mumzinda wa Florence ku Italy, matope n'kulowa m'matchalitchi ndi m'nyumba za mabuku. Achinyamata ndi akatswiri ochokera m'mayiko ambiri adakhamukira kumeneko, ndipo njira zambiri zopulumutsira mabuku onyowa zidakula kuchokera m'matope amenewo. Kuno ku Africa, ICCROM idayendetsa maphunziro a PREMA kuyambira 1990 mpaka 2000 itaona kuti tizilombo ndi chinyezi zikumaliza zinthu m'nyumba zathu, ndipo mu 1999 bungwe la nyumba zosungiramo zinthu zakale za mu Africa, la AFRICOM, lidabadwira ku Lusaka, pafupi pompa. Pa 18 April 2021 moto utatentha laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town, madzi ozimitsira moto adalowa m'zipinda zapansi, ndipo anthu odzipereka adaima pamzere n'kumapatsirana mabokosi mpaka kunja, zonyowa n'kuziumitsa m'mafiriji. Ife tidaona zimene namondwe wa Freddy adachita ku chigawo cha kummwera mu March 2023. Chakudza sichiimba ng'oma. Madzi atalowa m'chipinda chanu usiku uno, mungaimbire yani? Ngati mulibe yankho, ntchito yanu yoyamba ndi imeneyo.

Chimene chimapha umodzi pakati pathu ndi nsanje ndi kuumira nzeru. Ndaonapo munthu akupita ku maphunziro kunja, n'kubwera ndi mabuku ndi mapepala, n'kuzikhomera m'kabati kuti akhale yekha wodziwa. Atachoka, nzeruzo zidachoka naye, ndipo amene adatsala adayambiranso pachiyambi. Ndaonanso ena akulimbirana msonkhano chifukwa cha alawansi, wopitayo n'kukhala munthu amene sagwira n'komwe zinthu. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ndife ochepa kwambiri moti sitingakwanitse kudana. Kupatsa n'kuika. Mukaphunzira kanthu, itanani anzanu Lachisanu masana muwaonetse ndi manja. Mukaona mnzanu walakwitsa, mutengereni pambali mukambirane awiri, osamuyalutsa pagulu. Koma mukaona kuti akuba kapena akuwononga mwadala, ubwenzi usakutsekeni pakamwa.

Ndipo bwalo lanu likhale lalikulu. Amayi oumba mbiya akudziwa za dothi zimene sizili m'buku lililonse limene mudawerenga. Osema ziboliboli amadziwa mtengo umene umafumbwa ndi umene sufumbwa. Oluka nsengwa angakuonetseni pamene kuluka kwayambira ndi pamene kwathera. Aitaneni, muwalipire moyenera, ndipo mayina awo alowe m'zolemba zanu.

Masiku ano mayiko a ku Ulaya ayamba kubweza zina mwa zimene adatenga. Germany idapereka ku Nigeria zosula zamkuwa za ku Benin mu 2022, ndipo Zambia ikupemphabe chigaza chimene chidapezeka ku Kabwe mu 1921, chomwe chili ku London. Nthawi zonse pamakhala wina wofunsa kuti, "Kodi akazitenga adzazisamalira?" Funso limeneli limandipweteka, koma amene adzaliyankhe ndinu, ndi makaundula anu, mashelefu anu ndi mbiri yanu ya kukhulupirika.

Tsono ana anga, musadikire kuti wina wochokera kunja adzakusonkhanitseni. Wa ku Chichiri adziwane ndi wa ku Karonga, wa ku Mangochi akhale ndi nambala ya wa ku Livingstonia, wa ku Zomba adziwe amene akusunga mabuku a mishoni ku Mua, ndipo musaiwale anzanu a ku Livingstone ndi ku Harare. Yambani ndi gulu la pa WhatsApp ngati ndi chimene mungathe, muzitumizirana zithunzi za mavuto enieni. Kamodzi pachaka kumanani maso ndi maso, ngakhale pansi pa mtengo. Khalani pansi mulembe malamulo anu a khalidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, afupiafupi, oti mlonda wa pageti ndi mfumu ya m'mudzi angawamve, ndipo aliyense wolowa ntchito aziwawerenga pamaso pa anzake. Ife okalamba tikadalipo, ndipo mukatiitana tidzabwera ndi zimene tikukumbukira. Chonde yambani chaka chomwe chino.